Mimba ya masabata 7, tikiti ya ndege ili m'manja: ndipite kapena ndisiye?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene sanafune kutchulidwa dzina. Mwachidule akuti: "Ndangodziyeza ndipo ndapezeka kuti ndili ndi pakati. Ndikawerengetsa ndi masabata 7, ndipo ndi mimba yanga yoyamba. Vuto ndi loti kuntchito anandisankha kale kupita kumaphunziro a miyezi itatu ku Ulaya, ndipo ndinyamuka pakatha masabata awiri. Pakati pa maphunzirowo palinso ulendo wa masabata awiri wokaona ntchito kudera lina lotentha la ku South America. Sikelo sindinayambe. Ena akundiopseza kuti ndege imachotsa mimba yanthete. Ndipite kapena ndisiye?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa chikwama chisanamangidwe. Ambiri amatipeza atabwerako kale, mimba ili miyezi isanu, m'manja mulibe ngakhale kapepala kosonyeza gulu la magazi awo. Yankho langa lili pawiri. Ku Ulaya mukhoza kupita, bola zimene nditchule pano zichitike musananyamuke ndipo zituluke bwino. Koma ulendo wa ku South America uja, ndikanakhala ine ndikanapempha kuti andichotse pamndandanda. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Tiyambe ndi ndegeyo, poti ndiyo ikukusowetsani tulo. Ndege sichotsa mimba. Anthu amakhulupirira zimenezo chifukwa kupita padera n'kofala kuposa mmene timaganizira. Pa mimba 10 zilizonse zimene zadziwika, imodzi kapena ziwiri sizifika patali, ndipo zambiri mwa izo zimachoka masabata 12 asanakwane. Pafupifupi theka la zimenezi gwero lake limakhala m'kaumbidwe ka mwanayo, pamene mbewu ya bambo ndi dzira la mayi sizinalumikizane bwino kuyambira tsiku loyamba. Palibe chimene mayi analakwitsa, palibenso chimene akanachita. Ndiye wina akakwera ndege Lachiwiri n'kuyamba kutaya magazi Lachisanu, aliyense amaloza ndege, kuiwala kuti mnzake amene sanatuluke n'komwe pakhomo zamuchitikiranso sabata yomweyo. Mpweya wa m'ndege amaukonza kuti ufanane ndi wa paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo thupi la mayi wathanzi limasamalira mwana bwinobwino pamenepo. Makina amene mumadutsamo pabwalo la ndege nawonso sapweteka mwana. Amene timawaletsa kukwera ndi amene magazi awo ndi ochepa kwambiri, amene sickle cell yangowavutitsa kumene, amene akutaya magazi, komanso amene ali ndi matenda aakulu a mtima kapena a m'mapapo.

Ine nkhawa yanga ili pena. Pa masabata 7 simukudziwa kumene mimbayo yakhala. Kachipangizo koyezera mkodzo kamangonena kuti muli ndi pakati, sikanena kuti mwanayo wakhazikika pati. Pa mimba 100 zilizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'chubu chimene dzira limadutsamo. Chubucho n'chopyapyala, sichifutukuka ngati chiberekero, ndipo mimbayo ikamakula chimang'ambika, magazi n'kumatayikira m'kati momwe simungawaone. Zizindikiro zake zimakonda kuoneka pakati pa sabata ya 4 ndi ya 12. Inu mukwera ndege muli pa sabata ya 9.

Sindiiwala mayi wina amene anabwera naye usiku kuchokera kubwalo la ndege, chikwama chake chikadali ndi kapepala ka katundu kuchogwirira. Anali atamva kupweteka mbali imodzi ya pansi pa mchombo kwa masiku atatu, iye n'kumati ndi mpweya. Ali m'ndege nsonga ya phewa inayamba kuwawa, n'kumangolisisita poganiza kuti wagonera mpando. Phewalo silinalakwe kanthu. Anali magazi amene anadzaza m'mimba n'kumakhudza mtsempha wa pansi pa nthiti, umene umatumiza ululu kuphewa. Pofika kwa ife milomo inali itayera, thukuta lili kamukamu, mafunso akungoyankha ndi maso. Anapulumuka chifukwa chipinda cha opaleshoni chinali pafupi. Ndegeyo ikanakhala kuti yatsala ndi maola ena asanu m'mwamba, ikanakhala nkhani ina.

Choncho sabata ino pitani mukapange sikani. Pa msinkhu umenewu sikani imene imaonetsa bwino ndi yodzera kumaliseche, osati yapamimba, ndiye musadabwe akakuuzani choncho. Siiwawa ndipo siisokoneza mimba. Idzakuuzani ngati mwana ali m'chiberekero, ngati mtima wayamba kugunda, ngati ali mmodzi kapena ndi mapasa, komanso ngati masabata amene mwawerengetsa ndi oona. Amayi ambiri amaphonya ndi sabata imodzi kapena awiri, makamaka amene msambo wawo umasinthasintha. Akakuuzani kuti kudakali m'mawa, sizikuoneka bwino, mubwerenso pakatha sabata, bwererani. Musakwere ndege yankho limenelo lisanapezeke, ngakhale zitatanthauza kusuntha tikiti masiku angapo.

Tsiku lomwelo yambani sikelo. Musadikire kuti mimba ioneke kaye, ndipo musanene kuti ndikayambira komweko. Kuchilendo sabata zitatu zimatha muli pa ntchito yongofufuza khomo loti mugogode. Malangizo a bungwe la WHO a chaka cha 2016 amati mayi woyembekezera aonane ndi azachipatala kosachepera ka 8, koyamba masabata 12 asanadutse, kenaka pa 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Mukayang'anitsitsa ndondomekoyi muona kuti mwayi uli mbali yanu. Ulendo wanu wonse, kuyambira sabata ya 9 mpaka ya 22, ukugwera nthawi imene masiku a kusikelo ndi otalikirana. Chachikulu n'chakuti ulendo woyamba wa kusikelo, umene uli ndi zoyeza zambiri, muupangire kwanu, m'chinenero chanu.

Akuyezeni kuchuluka kwa magazi, gulu la magazi pamodzi ndi Rh (mbali ya gululo imene imakhala positive kapena negative), HIV, chindoko, hepatitis B, mkodzo ndi BP, ndiponso shuga ngati kumtundu kwanu alipo kapena ngati muli ndi thupi lalikulu. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa. Chindoko chikapezeka msanga chimachizika ndi jakisoni wa penicillin, koma chikabisala chimapha mwana m'mimba. Tizilombo ta mumkodzo timatha kukhalapo mayi osamva kanthu, kenaka n'kukwera kuimpso. HIV ikapezeka mumayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo muyenera kunyamula okwanira miyezi itatuyo ndi ena apadera. Za Rh ambiri sazidziwa mpaka tsiku la vuto. Mayi amene magazi ake ndi Rh negative akataya magazi ali ndi pakati, angafunike jakisoni wotchedwa anti-D pasanathe maola 72, kuti thupi lake lisayambe kulimbana ndi magazi a mwana uyu kapena a ana akudzawo. Dokotala wakuchilendo akaona gulu lanu litalembedwa papepala, maola amenewo satayika.

Ngati simunayambe kumwa folic acid, yambani lero, musadikire tsiku la sikelo. Mlingo wake ndi ma microgram 400 patsiku. Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masabata oyambirira enieni, n'chifukwa chake timati mayi ayambe kumwa asanatenge n'komwe pakati, komabe pitirizani mpaka sabata ya 12 ndi kupitirira apo. Amene ali ndi shuga, amene amamwa mankhwala a khunyu, kapena amene anaberekapo mwana wa msana wotseguka amapatsidwa mlingo waukulu wa mamiligalamu 5. Mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi, nawonso ndi ofunika, ngakhale ndikudziwa kuti amawonjezera nseru ndi kudzimbidwa. Yesani kuwamwa usiku pogona, ndipo osamwera tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Ngati mumamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, afunseni kukiliniki mmene mungawasiyanitsire ndi mapiritsi a ayironi, poti awiriwa akakumana m'mimba yopanda chakudya, ayironi amafooketsa mnzake. Ndipo ngati pali mankhwala ena alionse amene mumamwa tsiku ndi tsiku, a BP, a khunyu, a maganizo, musawasiye panokha ndipo musawapitirize panokha. Atengeni onse m'thumba mukawaonetse.

Tsopano za mapepala, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ophunzira amapunthwa ngati wina aliyense. Pemphani kalata ya dokotala yolembedwa m'Chingerezi, yokhala ndi tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, tsiku loyembekezeka kuchira, zotsatira zonse za magazi, lipoti la sikani, matenda amene muli nawo, opaleshoni imene munapangidwapo ndi mankhwala amene thupi lanu limadana nawo. Mwezi ulembedwe m'mawu, osati m'manambala. Mukalemba 03/04, wina awerenga kuti 3 April, wina wa ku America awerenga kuti March 4, ndipo mimba yanu yakula kapena yachepa ndi mwezi wathunthu papepala. Mankhwala alembedwe ndi dzina lake lenileni, osati la kampani, chifukwa maina a makampani amasiyana dziko ndi dziko. Ngakhale paracetamol yemweyu, ku America amamutchula acetaminophen. Jambulani tsamba lililonse pafoni, mudzitumizirenso pa imelo. Mapepala ndi mankhwala zikhale m'chikwama cha m'manja, mankhwalawo ali m'mapaketi awo. Chikwama chachikulu chimatha kukafikira mzinda wina inu muli mzinda wina.

Muli kunjako mudzafunika kuonedwa kawiri. Koyamba ndi pakati pa sabata ya 11 ndi ya 14, pamene zipatala zambiri za ku Ulaya zimapanga sikani yotsimikizira masiku, n'kuperekanso mwayi woyeza ngati mwana angakhale ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru. Kuyeza kumeneku n'kosakakamiza, mungavomere kapena kukana, koma nthawi yake ikadutsa njira imeneyo imatsekeka. Kachiwiri ndi pakati pa sabata ya 18 ndi ya 22, pamene amayang'ana mwana chiwalo ndi chiwalo: mutu, msana, mtima, impso, manja ndi miyendo. Poti mukubwerera pa sabata ya 22, mukhoza kupangira komweko musananyamuke kapena kusungitsiratu malo kwanu m'sabata imene mufike. Chimene sindifuna n'chakuti mbali iliyonse iziganiza kuti inayo yapanga. Masiku awiriwa asungitseni musanakwere ndege. Lemberani ofesi imene ikukulandirani kumaphunziroko, muwafunse chipatala cha amayi chimene chili pafupi ndi kumene mukagone, ndi mmene mlendo amalembetsera. M'mayiko ena mumayambira kwa mzamba, ena kwa dokotala wa banja, ena mumapita mwachindunji kwa dokotala wa amayi. Ku Germany akakulandirani amakupatsani kabuku kotchedwa Mutterpass, ndipo chilichonse chimalembedwa mmenemo. Kabuku kotero, kulikonse kumene mungakapatsidwe, mubwere nako.

Ndalama ndi nkhani imene amayi amachita nayo manyazi kufunsa, kenaka n'kudzalira ndi bilu. Inshulansi imene amafuna popereka viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, iyenera kukhala yosachepera ma euro 30,000, koma ntchito yake ndi ya matenda adzidzidzi. Sikani ya pa ndondomeko ndi masiku a sikelo kawirikawiri sizikhalamo. Makampani ena amatenga mimba ngati vuto limene munali nalo kale, ena amalipira mavuto a mimba mpaka sabata yakutiyakuti basi, ndipo ambiri salipira chisamaliro cha mwana wobadwa masiku asanakwane. Alembereni, muwauze kuti ndinu woyembekezera, ndipo yankho alipereke molemba. Funsani mafunso olunjika: ndikataya magazi pa sabata ya 12 n'kugonekedwa, mulipira? Nanga opaleshoni? Nanga tikiti yobwerera msanga? Ku England mlendo amene sali m'gulu la olandira chithandizo chaulere sabwezedwa pa chisamaliro cha uchembere, koma amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa boma. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo amene akukutumizani ayenera kudziwa zimenezi asanakusiyeni pabwalo la ndege.

Apa ndiye kuti muyenera kuuza munthu kuntchito. Ndikudziwa kuti mimba ya masabata 7 ambiri safuna kuti imveke, ndipo ndi ufulu wanu. Koma munthu mmodzi amene akuyendetsa za ulendowu adziwe, ndiponso mmodzi amene mukakhale naye pafupi kumeneko. Mukakomoka m'kalasi, mawu oyamba amene ambulansi iyenera kumva ndi akuti mayiyu ndi woyembekezera.

Tsiku la ulendo adani anu ndi awiri, nseru ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Nseru ya mimba imafika pachimake cha m'ma sabata ya 9, ndendende tsiku lanu lonyamuka, n'kuyamba kuzilala pofika sabata ya 16 mpaka 20. Kukhala opanda chakudya m'mimba ndiko kumautsa nseru kwambiri, choncho nyamulani tokhwasula touma, muzidya pang'onopang'ono, ndipo muzimwa madzi pang'ono pafupipafupi m'malo mogugudiza botolo lonse. Fungo la chakudya cha m'ndege likamayandikira, kansalu kopaka kanthu konunkhira kamene mtima wanu umalola kamathandiza. Pemphani dokotala akulembereni mankhwala oletsa kusanza musananyamuke. Alipo angapo amene agwiritsidwa ntchito kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri, monga promethazine, cyclizine ndi metoclopramide. Ngati pofika tsikulo mukusanza chilichonse, ngakhale madzi, mkodzo ukutuluka wochepa ndi wofiirira, thupi likutsika, limenelo si tsiku lokwera ndege. Ndi tsiku lokaikidwa diripi.

Mdani wachiwiri sachita phokoso. Mimba imapangitsa magazi kuundana msanga kuyambira miyezi yoyamba yomwe, ndipo chiopsezo chake chimakwera kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi mayi wopanda pakati. Mukaonjezapo maola oposa 4 mutapinda miyendo, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mwendo, ndipo chibulumacho chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muzidzuka osapepesa munthu. Yendani theka la ola kapena ola lililonse, mukakhala pansi muzizunguza mapazi, ndipo valani masokosi othina a kuchipatala ofika m'mawondo, oyezedwa molingana ndi mwendo wanu. Mapiritsi ogonetsa asiyeni. Ngati magazi anakuundaniponi kale, kapena zinachitikira mayi anu kapena m'bale wanu, kapena muli ndi thupi lalikulu kwambiri, nenani kusikelo, chifukwa mungafunike jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana, pa ulendowo. Aspirin salowa m'malo mwake. Lamba wapampando azidutsa pansi pa mimba, m'chiuno, kaya m'ndege kaya m'galimoto. Mukafika, mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa kukatumba, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kubaya pachifuwa, ngakhale patadutsa masabata awiri, thamangirani kuchipatala.

Za chakudya sindichulukitsa. Kumayiko ozizira madzi a pampopi kawirikawiri savuta, koma msampha uli m'zakudya za mufiriji: mkaka wosawiritsa, tchizi zofewa zopangidwa ndi mkaka wotero, nyama zozizira zodula mopyapyala, nsomba zaziwisi ndi nyama yofiira m'kati. Mmenemo mumabisala listeria ndi toxoplasma, tizilombo timene mayi angamve ngati kachimfine chabe koma mwana n'kuvulala. Pokayika, pemphani chakudya chimene chapsa ndipo chikutuluka nthunzi. Mowa ayi, ngakhale kakapu ka pamwambo wolandira alendo. Khofi asapitirire makapu awiri patsiku. Chiwindi ndi mapiritsi a vitamini A wochuluka zisiyeni. Mutu ukawawa imwani paracetamol, osati ibuprofen kapena diclofenac, ndipo werengani zolemba pa mankhwala a chimfine, poti ambiri amasakaniza zinthu zingapo. Ngati mukupita nyengo yachisanu kumene dzuwa limangosuzumira, funsani za vitamini D, makamaka poti khungu lakuda limachedwa kumupanga dzuwa likachepa. Sauna (chipinda chotenthetsedwa kwambiri chotulutsiramo thukuta) ndi mabafa otentha kwambiri a m'mahotela, ngakhale anzanu akukokeni bwanji, dikirani mudzachire kaye.

Tibwere ku South America. Chifukwa changa choyamba ndi Zika. Matendawa amafala ndi udzudzu wa Aedes, umene umaluma masana, choncho neti yogonamo yokha siikwanira. Ambiri amene awatenga samva chilichonse. Koma mu 2015 ndi 2016 ku Brazil kunabadwa ana ambiri a mitu yaing'ono ndi ubongo wosakula bwino, mpaka WHO inalengeza mu February 2016 kuti ndi ngozi ya dziko lonse. Mliri uja unazilala, koma kachilomboko sikanathe m'madera otentha a kumeneko, ndipo palibe katemera kapena mankhwala ake. Kamafalanso pogonana, choncho bambo akapita kudera lotero, kondomu igwire ntchito mpaka mwana atabadwa.

Chachiwiri ndi yellow fever, nthenda inanso yofala ndi udzudzu, imene imapezeka m'madera ena a nkhalango a kumeneko. Katemera wake ndi wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ndipo katemera wa mtundu umenewu timayesetsa kusapereka kwa mayi woyembekezera, pokhapokha ulendo uli wosapeweka ndipo chiopsezo chili chachikulu. Ngati munabayitsa kale, ngakhale zaka zambiri zapitazo, chiphaso chachikasu chija kuyambira 2016 chimagwira ntchito moyo wonse. Ngati simunabayitse, dokotala angakulembereni kalata yokupatulani, koma kalata imakudutsitsani pachipata chokha, udzudzu suwerenga. Katemera wa chikuku ndi rubella nayenso sabayidwa muli ndi pakati. Wa kafumbata, wa chimfine ndi wa hepatitis B alibe vuto.

Chachitatu ndi malungo. Mimba, makamaka yoyamba, imatsitsa chitetezo ngakhale cha mayi amene anakulira kudera la malungo, ndipo malungo amachotsa mimba, amachepetsa magazi, amabweretsanso mwana wochepa thupi. Mankhwala opewera amene apaulendo amakonda, doxycycline ndi primaquine, saloledwa kwa woyembekezera, ndipo atovaquone-proguanil sitimulimbikitsa. Otsala ndi chloroquine kumene akugwirabe ntchito, ndi mefloquine, amene amayambidwa masabata awiri kapena atatu ulendo usanachitike ndipo sayenera munthu amene anadwalapo khunyu kapena matenda a maganizo. Onjezani kutsekula m'mimba, hepatitis E ya m'madzi oipa imene imakhala yoopsa kwambiri kwa amayi apakati, misewu yaitali ndi chipatala chakutali. Zonsezi chifukwa cha masabata awiri okaona ntchito. Pemphani kuti akupatseni ntchito ina yochita kumene muli, ndipo dokotala wanu angalembe kalata yothandizira pempholo. Zikakanikiratu, onanani ndi kiliniki ya apaulendo mwezi umodzi usanafike ulendowo, pakani mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET usana ndi usiku, valani zofika m'manja ndi m'mapazi, imwani madzi owiritsa kapena a m'botolo lomata, ndipo nyamulani ORS.

Pa malungo pomwepa pali china chimene amayi ambiri sachiganizira. Ngati kumene mukuchokera kuli malungo, mukhoza kunyamuka nawo m'magazi osadziwa, n'kudzakugwetsani patatha masabata muli ku Ulaya. Dokotala wa kumeneko mwina chaka chimatha osaona wodwala malungo, ndiye akaona kutentha thupi m'nyengo yachisanu aganiza chimfine. Muuzeni nokha kumene mwachokera, ndipo muumirire kuti akuyezeni tsiku lomwelo. Akapezeka amachizika ngakhale m'miyezi itatu yoyamba, poti kuyambira 2022 WHO imavomereza artemether-lumefantrine, amene ambiri amangowatchula LA, pa nthawi imeneyi. Mapiritsi a SP amene amaperekedwa kusikelo kumadera a malungo sayambidwa sabata ya 13 isanakwane, choncho musawamwere kutsogolo poti mukuchoka. Mudzayamba mukabwerera.

Zimene siziyenera kudikira kuti kuche ndi izi: kutaya magazi, makamaka onyowetsa padi yonse mu ola limodzi kapena okhala ndi zibuluma, kupweteka kwambiri m'mimba kapena mbali imodzi, kuwawa kwa nsonga ya phewa, chizungulire chofuna kukugwetsani, kutentha thupi kofika madigiri 38, kutuluka madzi kumaliseche, kuwawa pokodza kophatikiza ndi msana, ndi kusanza kosalekeza. Cha kumapeto kwa ulendo wanu, kuyambira sabata ya 20, onjezanipo mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu ngati nyenyezi ndi kutupa nkhope. Timadontho tochepa ta magazi m'miyezi yoyamba timachitikira amayi ambiri ndipo kawirikawiri mimba imapitirira bwinobwino, komabe imbani foni tsiku lomwelo, asankhe ndi azachipatala. M'mayiko a European Union nambala ya ngozi ndi 112, ku UK ndi 999, ngakhale 112 imalowanso. Tengani kakhadi, mulembepo m'Chingerezi ndi m'chinenero cha dzikolo kuti ndinu woyembekezera, tsiku la msambo womaliza, gulu la magazi ndi nambala ya munthu wapafupi, mukaike m'kati mwa pasipoti. Usiku woyamba mukafika, yendani kapena yang'anani pamapu njira ya kuchipatala chimene chili ndi madokotala a amayi usiku wonse. Si chipatala chilichonse chili nawo.

Ulendo wobwerera udzakhala wosavuta kuposa wopita. Pa sabata ya 22 nseru idzakhala itatha, mphamvu zitabwerera, ndipo mwina mudzakhala mutayamba kumva mwana akusuntha, zimene pa mimba yoyamba zimamveka cha m'ma sabata ya 18 mpaka 20, nthawi zina mochedwerapo. Masokosi aja muwavalenso. Koma maphunziro akadzatalikitsidwa, werengani masabata musanavomere. Makampani ambiri a ndege amafuna kalata ya dokotala kuyambira sabata ya 28, ndipo salola kukwera kupitirira sabata ya 36, kapena ya 32 ngati sikani ya sabata ino ionetse mapasa.